Momwe mungaonerere filimu yakale ya zilombo za m'mlengalenga mwa HD pakhomo panu

Nyumba zambiri ku Matawale, ku Chinamwali ndi ku Sadzi masiku ano zili ndi pulazima pakhoma, koma zimene anthu amaonerapo n'zosasiyana ndi za pa TV yakale yotupa kumbuyo ija: nkhope zili mbuu, mdima uli madontho madontho. Kukula kwa TV si HD ayi. Chithunzi chimadutsa pa kope la filimu, pa chingwe, kenako pa TV yeniyeniyo, ndipo pamodzi pokha pakalakwika zonse zawonongeka.

Titenge chitsanzo cha Independence Day ya mu 1996, imene anaitsogolera Roland Emmerich, momwe muli Will Smith, Jeff Goldblum ndi Bill Pullman. Ambirife tinaionera m'vidiyo sho, titapanikizana pa benchi. Dzinalo likunena za 4 July ya ku America, osati 6 July yathu, ngakhale kuti kuzizira kwa mwezi umenewu kuno ku Zomba ndiye nyengo yabwino yofunda bulangeti n'kuionera.

1. Yambani ndi kope la filimulo

Apa ndi pamene ambiri amagwera. DVD ya kuno imanyamula timadontho 720 m'litali ndi 576 m'lifupi. HD imayambira pa 1280 ndi 720, pamene 1080p ndi 1920 ndi 1080. Mukaika DVD pa TV ya mainchi 43, TV imangokoka chithunzi chaching'onocho kuti chidzaze galasi, ngati kusungunula thobwa ndi madzi kuti akwanire alendo.

Mwina mukudabwa kuti filimu ya 1996 ingakhale bwanji HD. Inajambulidwa pa filimu ya 35mm, imene imasunga tinthu tambiri kuposa zimene tepi ya VHS kapena DVD inkatha kuonetsa. Choncho kope la Blu-ray silopenta chabe, likungotulutsa zomwe zinalimo kale. Mu 2016, itakwanitsa zaka 20, inatulukanso pa chimbale cha 4K, chimene chili ndi timadontho tochuluka kuposa 1080p.

Njira zopezera kope labwino zilipo ziwiri. Yoyamba ndi chimbale cha Blu-ray. Ngati muli ndi wachibale ku Joni, mutumeni. Dziko la South Africa ndi Malawi ali m'chigawo chimodzi cha Region B, choncho chimbale ndi makina ake zigwirizana. Cha ku America ndi Region A ndipo chikhoza kukana kuwerengedwa. Dziwaninso kuti makina a DVD wamba sawerenga Blu-ray.

Yachiwiri ndi intaneti. Mafilimu amalowa n'kutuluka m'mapulogalamu oonetsera, ndiye fufuzani kaye dzinalo musanalipire. Werengeraninso bandulo. Pa Netflix, HD imatha kudya 3GB pa ola, 4K mpaka 7GB. Filimuyi ndi ya mphindi pafupifupi 145, kutanthauza kuti mukonzekere 7GB kapena 8GB, ndi liwiro losachepera 5 Mbps. Kaya muli pa TNM, Airtel kapena Starlink, yesani liwiro nthawi yomweyo imene mudzaonere, chifukwa madzulo anthu amachuluka pa netiweki. Mu pulogalamumo, pamene pali Auto sinthani muike High, apo ayi imatsitsa yokha chithunzi osakuuzani.

Za makope oika pa fulashi kumsika ndinenepo pang'ono. Kupatula kuti lamulo la Copyright Act la 2016 limaletsa kukopera ntchito za eni popanda chilolezo, makope ambiri amakhala ofinyidwa kwambiri. Filimu ya maola awiri ndi theka imene ikulemera 400MB, ngakhale ilembedwe 1080p pa dzina, ndi nkhambakamwa. Ngati muli ndi fayilo yovomerezeka yoposa 4GB, fulashi yofomatidwa mwa mtundu wa FAT32 siilandira. Isintheni ikhale exFAT kapena NTFS, mutasamutsa kaye zomwe zilimo poti zonse zimafufutika.

2. Chotsani zingwe zitatu zija

Chachikasu, chofiira ndi choyera sizinyamula HD. Gulani chingwe cha HDMI, chimene chimatenga chithunzi ndi mawu pamodzi. Pa mtunda wa mita imodzi kapena awiri chotchipa chikwanira. Ngati mukugwiritsa ntchito laputopu, onetsetsani kuti ikutumiza 1920 ndi 1080 ku TV.

3. Tengani rimoti mukonze chithunzi

TV imachoka kusitolo ili pa Vivid kapena Dynamic, kuti iwale kuposa inzake pa shelefu. Pakhomo, zimenezi zimasandutsa khungu la anthu kukhala ngati lopakidwa mafuta a galimoto. Sankhani Movie, Cinema, kapena Filmmaker Mode ngati ilipo. Mphindi zoyamba mudzaona ngati chithunzi chafiirira, koma maso amazolowera msanga.

Kenako zimitsani chosalazira mayendedwe. Samsung amachitcha Auto Motion Plus, LG TruMotion, Sony Motionflow. Filimu imayenda pa zithunzi 24 pa sekondi, ndipo TV ikamapeka zina pakati, nkhondo ya ndege imaoneka ngati sewero lojambulidwa ndi foni pa ukwati. Tsitsaninso Sharpness ndi kuzimitsa Noise Reduction. Timchenga tating'ono timene mudzaone pa thambo si vuto, ndi maonekedwe a filimu ya 35mm. Mukatifufuta, mumafufutira limodzi makwinya a nkhope ndi tizidutswa ta nyumba zophulika.

Tizidutswa timeneti ndiye chifukwa chovutikira zonsezi. Zambiri mu filimuyi sizinapangidwe pa kompyuta. White House, nyumba ya pulezidenti wa ku America, imene imaphulika mu filimuyi inali kachifanizo kakang'ono komangidwa ndi manja, n'kukaphulitsa ndi moto weniweni. Moto wothamanga m'misewu anaujambula ataimiritsa chifanizo cha mzinda, kamera ili pamwamba, kuti malawi akamakwera azioneka ngati akukudzerani. Ntchito imeneyi inapata mphotho ya Oscar mu 1997. Mu HD mudzaonanso malo ochepa pamene luso la nthawi imeneyo likuonekera msoko wake, ndipo ine ndimakonda kuti pazioneka choncho.

Mizere yakuda ya pamwamba ndi pansi isiyeni. Filimuyi ndi yotambalala kuposa galasi la TV yanu. Mukadina Zoom mumadula m'mbali, ndipo chombo cha zilombo chija, chotambalala makilomita pafupifupi 24, choti chingaphimbe mzinda wonse wa Zomba n'kutsalabe, chimaoneka chidutswa chabe.

4. Mawu

Mafilimu otere amalankhula motsitsa n'kuphulika mokweza. Masipika a pulazima ndi ofooka, ndiye lumikizani sabufa yanu. Ngati chithunzi chikuyenda koma kuli zii, mwina mawuwo ali mu DTS, mtundu wa kasungidwe ka mawu umene ma TV ena sawerenga. Sankhani mawu a mtundu wina pa chimbalecho, kapena pa zosankha za mawu za makina a Blu-ray musankhe PCM. Okhala m'nyumba za lendi zogundana, ngati za ku Chikanda, yatsani Night Mode kuti anzanu a khomo linalo asadzidzimuke. Chingerezi chikamathamanga, yatsani mawu olembedwa pansi.

5. Magetsi ndi pokhala

Onani ngati mayunitsi alipo okwanira. Amene ali ndi sola, TV ya LED ya mainchi 43 kawirikawiri sipyola mawati 100, koma sabufa imawonjezera, choncho batire ikhale yodzaza. M'nyengo ya mvula, mphenzi za kuphiri kuno sizicheza: mabingu akayamba, zulani mapulagi ndi chingwe cha dishi, filimu mudzapitiriza mawa.

Mpando ukhale pa mtunda wa mamita awiri kapena kucheperapo. Mukakhala kutali kwambiri diso silisiyanitsanso 1080p ndi DVD, ndipo bandulo yapita pachabe. Zimitsani babu loyang'anana ndi galasi, musiye kanyali kofooka kumbuyo kwa TV.

Poyesa ngati zonse zili bwino, pitani pamene mthunzi wa chombo ukuphimba New York. Mazenera a nyumba zitalizitali azioneka limodzi limodzi, ndipo pansi pa chombocho pazioneka mizere, osati chikuda chokhachokha. Filimuyi ili m'gulu la PG-13, kutanthauza kuti mbali zina zikhoza kukhala zosayenera ana osakwana zaka 13, ndiye ana aang'ono akagone asanafike pamene madokotala akung'amba chilombo ku Area 51, malo achinsinsi a asilikali a ku America.