Kutumiza patch pa imelo kuti iwerengeke bwino

Kuti opanga mapulogalamu anzanu awerenge patch yanu (fayilo yosonyeza zomwe mwasintha mu pulogalamu) mosavuta, yambani ndi `git format-patch -1` mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosinthazo. Ikupangirani fayilo yothera ndi .patch. Kenako itumizeni ndi `git send-email`, ipite ngati mawu wamba, osati HTML.

Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri. Gmail ya pa webusaiti imadula mizere yaitali n'kusandutsa ma tab kukhala mipata, ndipo patch imawonongeka inu osadziwa. Ngati mukufunadi kuiphatikiza ngati fayilo, onjezani `--inline` pa format-patch kuti ionekere mu uthenga momwemo. Za kuipanikiza mu fayilo ya zip iwalani, chifukwa wowunika amafuna kuyankha pansi pa mzere womwe waona vuto.

Musanatumizire ena, dzitumizireni nokha kaye, muyese kuilowetsa mu pulogalamu yanu ndi `git am`. Ikalowa bwinobwino, itumizeni.