Momwe mungadziwire ngati pangano la mayiko lili ndi mphamvu kuno kwathu

Nduna ikabwerako ku New York kapena ku Addis Ababa n'kulengeza kuti "tasayina", musafulumire kunena kuti lamulo latsopano labadwa. Fufuzani kaye motere.

Yambani ndi kudziwa chimene agwirizanacho. Mfundo zambiri zimene mayiko amavota pa msonkhano waukulu wa United Nations ndi malangizo chabe, boma likhoza kungozisunga m'kabati. Zigamulo za Security Council, nthambi yoona za chitetezo, zochokera m'chaputala 7 cha malamulo a bungweli n'zosiyana, chifukwa dziko lililonse la m'bungwemo liyenera kuzitsata. Koma pangano lolembedwa limagwira dziko lokhalo limene lalivomereza.

Kenako lowani pa treaties.un.org, pezani panganolo, muyang'ane mzere wa Malawi. Mapangano a African Union ali pa au.int. Deti la pansi pa "Signature" lisakunamizeni: kusayina kuli ngati chikole, ukwati sunachitike. Lofunika ndi la pansi pa "Ratification" kapena "Accession", losonyeza pamene dziko linavomereza kutsata panganolo. Tsikirani m'munsi muwerengenso mfundo zimene dziko linakana, poti ambiri apa amadumphapo. Dziko lathu polowa m'pangano la CEDAW lothetsa tsankho kwa amayi mu 1987, linati silitsata mfundo zofuna kuthetsa msangamsanga miyambo ina, ndipo mawu amenewo linawachotsa mu 1991.

Mukatero tsegulani gawo 211 la malamulo oyendetsera dziko lino. Pagona nkhani ndi pamenepa. Pangano limene Malawi analowamo malamulowa atayamba kale kugwira ntchito mu 1994 silikhala lamulo la kuno mpaka Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa lamulo lonena choncho. Mapangano amene Malawi analowamo nthawiyo isanafike, dziko lino likuyenerabe kuwatsata. Choncho fufuzani pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti losunga malamulo a dziko lino, ngati aphungu anachitapo kanthu. Pa nkhani za amayi mupezapo Gender Equality Act ya 2013, pa za ana Child Care, Protection and Justice Act ya 2010. Pamaso pa majisitireti, lamulo ngati limeneli ndi lomwe lingakuthandizeni msanga kuposa chikalata cha pangano la mayiko.

Boma likaphwanya pangano, onani kumene mungakadandaule. Mu 2008 Malawi anavomereza kuti munthu wamba akhoza kukasuma yekha ku khoti la ufulu wa anthu la mu Africa, lomwe lili ku Arusha m'dziko la Tanzania. Mayiko ochepa okha ndiwo analola zimenezi. Koma musanapite kumeneko, mlandu wanu uyambe wadutsa m'makhoti a kuno mpaka ku Supreme Court of Appeal.