Kuchoka ku Nsanje kukakwera ndege ya ku Joni

Ndege yochoka pa Chileka kupita ku OR Tambo ku Johannesburg imauluka makilomita pafupifupi 1,350, ndipo imatenga maola awiri ndi mphindi zingapo. Wotchi musaisinthe, nthawi yathu ndi ya ku Joni ndi imodzi.

Chotidyera nthawi ife a kuchigwa kuno ndi msewu. Kuchoka pa boma la Nsanje kufika mu Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180 pa M1, koma minibasi imaima pa Bangula, pa Nchalo, paliponse pamene kondakitala waona munthu. Mukawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, pa Thabwa pali apolisi, kenako chikweza chija galimoto imachita kukwawa. Ine ndimakagona kwa achibale ku Blantyre dzulo lake.

Pa Chileka fikani kutatsala maola atatu, pasipoti ili m'manja. Tikiti muiwerengetse bwino, chifukwa ikakhala yodzera ku Lilongwe ulendo umatalikirako.