Kutuluka mu loop kapena mu function yonse

Mwafunsa kuti pulogalamu ikapeza chomwe ikufufuza mkati mwa loop (mizere ya pulogalamu yomwe imabwerezedwabwerezedwa), monga nambala 7 pamndandanda, mulembe break kapena return.

Choyamba, yang'anani mizere yomwe ili pansi pa loop mu function yomweyo (function ndi gulu la mizere lokhala ndi dzina lake, lomwe limaitanidwa kuti ligwire ntchito inayake). Ngati pali ntchito yoti ichitikebe, monga kutseka fayilo kapena kusindikiza zotsatira, lembani break, chifukwa amangothetsa kuzungulirako ndipo pulogalamu imapitiriza ndi mzere wotsatira.

Ngati palibe chotsala, lembani return, amene amatuluka mu function yonse nthawi yomweyo n'kubweza yankho kumene function inaitanidwira.

Kenako chenjerani ndi loop yomwe ili mkati mwa inzake, pakuti apa ndi pomwe ambiri timapunthwa. Mu zilankhulo zolembera mapulogalamu za Python ndi C, break amathetsa loop yamkati yokha, yakunja n'kumapitirizabe. Java imalola kupatsa dzina loop yakunja n'kulitchula pambuyo pa break, koma Python ilibe njira imeneyi, choncho ine ndimakonda kusamutsira ma loop onse awiri mu function yawoyawo n'kulemba return pomwe nambalayo yapezeka.

Mu Visual Basic mawu otulukira mu loop ya For ndi Exit For, ndipo otulukira mu function yonse ndi Exit Function (kapena Exit Sub ngati ndi Sub, yomwe sibweza yankho).