Momwe mungaphunzitsire mwana masamu pakhomo ndi miyala, tomato ndi chiyato

Mwana wanga ali ndi zaka zinayi ankatchula "wanu, thuu, firii" mpaka 20 osapumira, ndipo ine ndinkanyadira alendo akabwera. Tsiku lina ndikupakula nsima ndinati, "Tanditengera mbale zitatu." Ananyamula zonse zimene zinali pathandala. Mpamene ndinazindikira kuti mwanayo analoweza nyimbo chabe, koma zitatu sankazidziwa.

Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, ana achuluka m'makalasi kuno ku Chipata, ndipo mphunzitsi mmodzi sangagwire chala cha mwana aliyense. Ntchito imeneyo tingaigwire ife pakhomo, osagula kanthu.

Yambani ndi kukhudza. Tolani timiyala tisanu, muyale pamphasa. Mwana akhudze kamwala kamodzi, atchule nambala imodzi, akakankhire pambali, kenako atenge kena. Akamaliza mufunseni, "Tonse ndi tingati?" Ngati ayambiranso kuwerenga m'malo moyankha kuti tisanu, ndiye kuti sanagwirebe zoti nambala yomaliza ndiyo yankho. Musamuthamangitse, zimenezi zimatenga masiku. Akazigwira, balalitsani timiyala tomweto patalipatali ndipo mufunsenso. Ana ambiri amanena kuti tachuluka. Musiyeni awerenge yekha, aone kuti ndi tisanu tomwe tija. Mwana wosakwana zaka zitatu mupatseni zinthu zikuluzikulu monga zitsononkho kapena mango, chifukwa nyemba ndi njere za chimanga amaika m'mphuno kapena kumeza.

Kenako werengani naye m'chinenero chathu, musangodalira Chingerezi. Ife timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu. Mawu amenewa ndi samu yophatikiza kale. Mwana atambasule dzanja limodzi lonse, awonjezere chala chimodzi cha dzanja lina, atchule "zisanu ndi chimodzi". Akadzakumana ndi 5 + 1 m'kope kusukulu, adzapeza kuti ndi chinthu chimene wakhala akunena pakamwa.

Kuchotsera ndiye kuli m'chiyato. Kumbani kadzenje pabwalo, kapena jambulani bwalo ndi khala pasimenti, muikemo miyala khumi. Akuluko amaponya mwala m'mwamba, kutulutsa miyala, kuwakha, kuponyanso n'kubweza miyala ija kusiya umodzi panja. Wamng'ono sangakwanitse kuwakha, choncho zoponyazo zisiyeni kaye. Atulutse itatu, inu muphimbe dzenje ndi dzanja: "Mwatsala ingati umu?" Alote, kenako muvundukule awerenge. Mawa atulutse inayi. Pakapita milungu ingapo adzayamba kuyankha musanachotse dzanja, ndipo muyang'ane nkhope yake tsiku limenelo. Masewerawa asakhale a atsikana okha, anyamata nawonso akhale pansi. Wazaka zisanu ndi ziwiri kupita m'tsogolo mukhazikeni pafupi ndi agogo ake pa nsolo, aziwaikira miyala iwiriiwiri m'maenje: 2, 4, 6, 8.

Popita ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market, mutengeni. Awerenge tomato wa pamulu umodzi, anene ngati milu iwiri ikufanana, asankhe waukulu. Pobwerera mutsegulireni kantemba kake pakhonde: mabokosi a machesi, mabotolo opanda kanthu, masamba ngati ndiwo. Mupatseni makobidi enieni ochepa. Kwacha imodzi ndi ngwee 100, ndiye makobidi awiri a 50 ngwee ndi ofanana ndi K1. Izi zimawavuta ana, poti m'maso mwawo ziwiri zimaposa chimodzi. Inu khalani kasitomala, ndipo nthawi zina mulipire moperewera dala. Wanga amakuwa, "Amama, sizinakwane!" Akatero ndimamufunsa kuti zaperewera zingati.

Kugawa sikufuna kuphunzitsa kwambiri, chifukwa palibe mwana amene amalola kuchenjeretsedwa pa chakudya. Zitumbuwa zisanu ndi chimodzi, ana atatu: agawe iyeyo, chimodzichimodzi, mpaka zithe. Tsiku lina mupatseni zisanu ndi ziwiri. Chotsalacho chidzabweretsa mkangano, ndipo mmodzi adzati, "Tidule pakati." Asiyeni aone okha ngati kudula pakati kukwanira anthu atatu.

Kuyeza kuli m'khitchini: makapu angati a madzi adzaza poto, mbale zingati za nshawa zidzaza meda. Alote kaye asanathire.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musamukalipire kapena kumumenya akalakwa, ndipo musanene pamaso pake kuti "ifenso masamu ankatikanika". Mwana amamva, n'kuyamba kuopa manambala asanalowe n'komwe giredi 1. Akayankha kuti zinayi pamene zili zisanu, ingonenani kuti, "Tiye tiwerengenso limodzi," mumugwire chala. Mphindi khumi patsiku n'zokwanira, ndipo akayamba kuyang'ana kumene kuli anzake, mumasuleni apite. Miyala ija musunge m'kachitini pafupi ndi chitseko kuti mawa musayambenso kutola.