Kudyetsa nsomba za m'damu zotsala za masamba ndi zipatso

Mwafunsa ngati zotsala za pamsika wa Nchalo kapena Bangula zingadyetsedwe nsomba. Zimatheka, bola zikhale zowonjezera pa gaga, osati kulowa m'malo mwake.

Zofunika: mpeni, mkeka, mtondo, sefa, gaga ndi ufa wa soya wokazinga.

1. Sankhani. Kholowa, nkhwani, mapapaya ndi nthochi zopsetsa ndi zabwino. Chankhungu ndi chonunkha chipite kumanyowa.
2. Tsukani bwino, makamaka kabichi ndi matimati, poti alimi ambiri amazipopera mankhwala.
3. Duladulani, yanikani pamkeka mpaka ziume gwa. Dzuwa la kuno kuchigwa silichedwa nazo. Chigwada musachithire chachiwisi, chili ndi poizoni.
4. Sinjani, sefani. Mbale 1 ya ufawu isakanizeni ndi mbale 2 za gaga ndi 1 ya soya.
5. Wazani timadzi, umbani timibulu. Muziponya pakona imodzimodzi kawiri pa tsiku, dzuwa litakwera ndi chakumasana. Nsomba za mtundu wa chilunguni zimadya ndi masamba aawisi omwe. Amangeni kamtolo pa kamtengo.
6. Apa ndiye ambiri amalakwitsa: kukhuthulira dengu lonse m'damu, ati zisataike. Ndi kutentha kwa Okutobala, zotsala zimaola msanga n'kumaliza mpweya m'madzi. Mukaona nsomba monga makumba zikuyasamula kukamwa pamwamba pa madzi mbandakucha, lekani kudyetsa tsiku limenelo, vuulani zotsalazo, lowetsani madzi atsopano.