Kuwedza pa nyanja youndana ndi ana ku Ontario: ayezi, zida ndi zovala

Ku Ontario, m'dziko la Canada, nyanja zambiri zimauma gwa pamwamba kuyambira cha mu Januwale mpaka mu Malichi, ndipo anthu amayenda pa ayezi, kuboola una n'kuponyamo mbedza. Mabanja ambiri amayambira pa nyanja ya Simcoe, ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono kumpoto kwa Toronto, kapena pa Nipissing kufupi ndi North Bay. Ndodo ndi mbedza sizivuta kupeza. Ulendo wokhala ndi ana umayenda bwino ngati ayezi mwamuyeza nokha ndiponso ngati mapazi a mwana ali ofunda.

Yambani ndi ayeziyo. Bungwe la Red Cross la ku Canada limalangiza kuti achindikale masentimita 15 kwa munthu mmodzi woyenda pansi, 20 kwa gulu, ndi 25 kwa snowmobile, kagalimoto koyenda pa chipale chofewa. Kutsidya kwa malire, ku Minnesota m'dziko la America, boma limalangiza mainchesi osachepera 4, omwe ndi masentimita 10, pa ayezi watsopano woonekera mkati. Banja ndi gulu, choncho tengani 20. Mtundu wa ayezi nawonso umanena zambiri. Woonekera mkati, wooneka wabuluu kapena wakuda, ndiye wolimba. Woyera ngati mkaka amapangika chipale chofewa chikanyowa n'kuundananso, amakhala ndi timipata ta mpweya, ndipo mphamvu yake ndi theka chabe, motero muyezo wake muuwirikize kawiri. Wotuwa ndiye kuti walowa madzi, musaponde n'komwe.

Poyeza, boolani una woyamba pafupi ndi gombe, lowetsani tepi, kolowekani mlomo wake kunsi kwa ayezi n'kuwerenga. Bwerezani pa mamita 45 aliwonse, chifukwa nyanja siiundana mofanana. Pamene mtsinje ukulowa kapena kutuluka, pansi pa milatho ndi pakati pa zilumba, madzi amayenda n'kumadya ayezi kunsi pamwamba pakuoneka bwinobwino. Chipale chofewa chambiri chimanamizanso anthu: chimafundika ayezi ngati bulangete moti sakula msanga, kenako kulemera kwake kumamupondereza, madzi n'kutulukira m'ming'alu. Matayala a galimoto ya munthu wina amene mwaona adutsa si umboni. Mwina anadutsa sabata yatha kukuzizira kwambiri.

Wamkulu mmodzi atsogole ali ndi spud bar, chitsulo chachitali chosongoka ngati tchizulo, n'kumamenya ayezi patsogolo pake. Chikaboola ndi kumenya kumodzi kapena kuwiri, bwererani mmene munadzera. Ena atsatire motalikirana. Ana avale majekete oyandamitsa pamwamba pa zovala zawo, akuluakulu akoloweke m'khosi ice picks, tizitsulo tiwiri tosongoka tolumikizidwa ndi chingwe, kunja kwa jekete osati m'chikwama. Onjezani chingwe choponya cha mamita 15 ndi timano tachitsulo tomangirira kunsi kwa majombo.

Wina akagwera m'madzi, kumbukirani 1-10-1, lamulo limene anaphunzitsa Gordon Giesbrecht wa pa University of Manitoba. Mphindi yoyamba munthu amapuma mwabefu, ndipo ntchito yake ndi kukhazika mpweya pansi, mutu uli kunja. Kenako ali ndi mphindi pafupifupi 10 manja asanafooke, ndi ola limodzi asanakomoke ndi kuzizira. Atembenukire kumene anachokera, pakuti ayezi wa kumeneko anamusenza kale, ayandamitse miyendo kumbuyo n'kumaphapha, abaye tizitsulo tija n'kudzikwakwaza. Akatuluka asaimirire, agubuduke. Wothandiza asathamangire pa unapo: aimbe 911, nambala ya pangozi, agone chafufumimba chapatali n'kuponya chingwe.

Chiboolero chopukusa ndi manja chikukwanirani. Sankhani cha masentimita 15. Una wa masentimita 20 kapena 25 umameza jombo ya mwana mpaka m'bondo, ndipo phazi likanyowa ulendo wathera pomwepo. Chigwireni chilili osachipondereza kwambiri, chikatulukira chikwezeni ndi kuchitsitsa kawiri katatu kuti madzi atsuke unawo. Mipeni yake musaimenyetse pa ayezi kapena kuboolera pa mchenga wa m'mbali, imabuntha nthawi yomweyo n'kumangozungulira osadya. Zinyenyeswa muzivuula ndi chipande chobookabooka, ntchito imene ana amailimbirana. Zonsezi, ndi ndowa zokhalira, zimalowa mu sled yapulasitiki yokoka ndi chingwe.

Nsomba ya ana ndi yellow perch: imayenda m'magulu, imadya masana, ndipo imapezeka pamadzi osaya kwambiri, monga ku Cook's Bay pa Simcoe. Ndodo ikhale ya masentimita 60 mpaka 80, twaini wopyapyala wotha kusenza mapaundi 2 mpaka 4, ndi jig yaing'ono, yomwe ndi mbedza ya kamutu kolemera. Kolekani mphutsi ziwiri kapena kansomba kamoyo. Kansombako kabayeni kunsi kwa chipsepse cha pamsana osakhudza fupa, apo ayi kamafa ndipo sikakopanso. Mphutsi zisungeni m'thumba la mkati mwa jekete kuti zisaume. Tsitsani mpaka twaini alefuke, kwezani masentimita 15 mpaka 30 kuchokera pansi, gwedezani pang'ono, n'kuima zii masekondi angapo. Nthawi zambiri imadya pamene mwaimapo, ndipo nsonga ya ndodo imangoti gwede pang'ono. Mphindi 20 zikatha popanda kanthu, boolani pena. Oyamba kumene ambiri amakakamira una umodzi tsiku lonse pamene nsomba zili mamita 30 okha pambali.

Chingwe chachiwiri mutha kutchera pa tip-up, kathabwa kogona pa una kokhala ndi kambendera kamene kamadzuka nsomba ikakoka. Apa pamagwidwa pike kapena walleye, ndipo mumakoka ndi manja. Pike ali ndi mano akuthwa, choncho kumapeto ikani kawaya, ndipo mbedza muziichotsa ndi pulayazi.

Malamulo a Ontario amalola zingwe ziwiri pa munthu m'nyanja zambiri, bola mukuziona ndipo simunatalikire kupitirira mamita 60. Okhala ku Canada a zaka 18 mpaka 64 amafunika Outdoors Card, khadi la boma la asodzi ndi alenje, ndi laisensi, kupatula masiku aulere monga kumapeto kwa sabata ya tchuthi cha Family Day mu Febuluwale. Chigawo cha Ontario chinagawidwa m'madera 20 a usodzi, lililonse ndi nyengo zake ndi chiwerengero cha nsomba zololedwa, ndiye werengani za dera lanu. Nyambo yamoyo gulani kufupi ndi kumene mukawedze, sungani lisiti, ndipo yotsala musaikhuthulire mu una. Itayidwe pamtunda, mamita 30 kutali ndi madzi.

Pa zovala, thonje lisakhudze thupi, chifukwa limasunga thukuta n'kuzizira. Mkati muvale za ubweya kapena poliyesita, pakati juzi, kunja jekete lotchinga mphepo. Majombo akhale otakasuka. Masokosi atatu opanikizana amaletsa magazi kuyenda ndipo phazi limazizira msanga kuposa la sokosi imodzi yochindikala. Mwana aliyense akhale ndi magolovesi ndi masokosi apadera m'jumbo, pakuti dzanja lidzalowa mu una, musakayike. Pansi pa mapazi yalani mphasa ya siponji. Tsaya kapena mphuno ikayera mbuu, ifunditseni ndi chikhatho osatikita. Kwa ana aang'ono maola awiri ndi okwanira, ndi tiyi wa m'fulasiki pakati.

Tenti yopinda imatchinga mphepo, koma ikhomereni ku ayezi ndi misomali yake yopota, kuyambira mbali ya kumphepo, isanauluke. Mukayatsa hita ya gasi, tsegulani mazenera opumira, kumwamba ndi kunsi, ndipo pachikani kachipangizo kolira kakamva carbon monoxide, mpweya wapoizoni umene hita imatha kutulutsa. Mpweya umenewu sununkha. Mutu, chizungulire, nseru kapena mwana kuyamba kusinza mosayembekezereka, tulukani nonse panja n'kuzimitsa hita.

Mukalowera kumpoto kwenikweni, kupitirira Sudbury kapena Timmins, netiweki imasowa m'malo ambiri. Uzani munthu dzina la nyanja ndi ola lobwerera, foni ikhale m'thumba la mkati chifukwa kuzizira kumamaliza batire, ndipo lembani pa GPS pamene mwasiya galimoto, popeza chipale chofewa chikauluzika gombe silioneka. Mu Januwale dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, ndiye yambani kulongedza 3 koloko ikangokwana. Nsomba yobwezera m'madzi musaigoneke pa ayezi kuti muijambule: maso ndi makha ake zimaundana mwamsanga, choncho ichotseni mbedza pa una pomwepo n'kuilowetsa mutu uli patsogolo.